Tsiku Limene Ndinaperekeza a Mbewe

Ntchito yanga yoyamba inali yodzutsa chibaba cha fodya mwa anthu. Ndikanena choncho anthu amaseka, ena amayesa kuti ndinkagulitsa ndudu. Ayi ndithu, ndinali wothandizira pa kafukufuku, ndipo ineyo fodya sindinamulawepo chibadwire.

Ntchitoyi inandipeza nditakhala pakhomo nthawi yaitali nditamaliza maphunziro a zaumoyo, mpaka amayi anasiya kundifunsa za ntchito n'kuyamba kungondituma kuchigayo. Mnzanga wa ku koleji anaponya uthenga pa gulu lathu la pa foni, woti ofufuza ena akufuna munthu wokakhala ku Nambuma miyezi ingapo. Anzanga onse anayankha ndi tizithunzi toseka. Ine ndinapempha ntchitoyo tsiku lomwelo. Pondiyesa, mayi amene anadzakhala bwana wanga, a Chirwa, anandifunsa ngati ndimasuta, ngati ndimatha kupalasa njinga, ndiponso ngati ndimatha kusunga pakamwa. Funso lomalizali ndinalivomera msangamsanga, ngakhale kwathu ku Kawale amandidziwa kuti ndikayamba kulankhula munthu amaiwala kumene amapita.

Anandipezera nyumba kuseri kwa sitolo ina yotsekedwa, chapatali pang'ono ndi msika. Chipinda chimodzi ndinkagonamo, chinacho ndinkagwiriramo ntchito. Chogwiriramo ntchitocho chinali ndi zitseko ziwiri, china choyang'ana kumsewu, china choyang'ana m'munda wa chimanga. Munali tebulo, mipando iwiri, tabuleti yoonetsera zithunzi ndi batire ya sola. Munalinso kachida kopanira pachala koyeza kugunda kwa mtima, ndi kena kouziramo mpweya, kamene kamaonetsa ngati munthu wasuta posachedwa. Kapaipi ka katoni kouziramo ndinkasintha kwa munthu aliyense. Chida chomaliza chinali mbale ya timiyala khumi.

Munthu akabwera ndinkamufotokozera zonse, iye n'kuvomera. Ankauzira mpweya, ine n'kumupana chala, kenako n'kumuikira tabuleti patsogolo. Poyamba pankabwera zithunzi wamba: khasu, ndowa, tsache, njinga. Zikatha ndinkafunsa kuti chibaba chili pati, iye n'kuchotsa timiyala m'mbale n'kuika patebulo. Kusaika kalikonse ndiye kuti chibaba palibe, kuika tonse ndiye kuti chafika pamutu. Kenako pankabwera zithunzi za fodya: bokosi la machesi, khala la moto, utsi ukutuluka pakamwa, manja akukulunga chingambwe m'khoko la chimanga. Timiyala kachiwiri. Pomaliza ndinkamupatsa madzi akumwa n'kumuonetsanso ndowa ndi tsache mpaka chibaba chitsike, ndipo akatero ankapita. Ofufuzawo ankafuna kudziwa chimene chimadzutsa chibaba mwa anthu a kuno kwathu, kuti ofuna kusiya azithandizidwa moyenera. Chithunzi cha tsamba la fodya tinachichotsa sabata yoyamba yomwe, chifukwa mlimi aliyense akachiona ankaiwala za chibaba n'kuyamba kundiuza giredi yake ndi kunyoza amene analiyanika.

Zithunzi zikamayenda ndinkakhala pambali, osalankhula, osagwedeza mutu. A Chirwa ankati, "Nkhope yanu isakhale chithunzi china." Zimenezo ndinazizolowera. Lamulo limene linandivuta linali la kunja kwa chipinda.

Dera lija anthu ambiri ndi alimi a fodya, komanso ambiri ndi a mpingo. Kulima fodya si mlandu, ndipo sukulu ya ana imachokera m'chigafa. Koma mkhristu kumveka kuti amasuta, imeneyo ndi nkhani yokakhalira pansi ndi akuluakulu. N'chifukwa chake obwera kwa ine ankalowera chitseko cha kumunda. Kuti dzina la munthu litetezeke, sindinkaloledwa kupereka moni kwa aliyense wa mu kafukufuku tikakumana panja pokhapokha ayambe yekha, ndipo sindinkaloledwa kumuperekeza. Posakhalitsa ndinazindikira kuti kupereka moni kwa ena n'kudumpha ena ndiye kuulula komwe. Choncho ndinasiya kupereka moni kwa abambo onse. Ndinkadutsa pamsika maso ali pansi ngati munthu wotaya singano.

Dzina linandituluka, mayi wa fodya, ndipo mbiri inamveka kuti ndine wonyada. Kutchalitchi ndinkakhala kumapeto kwa benchi, malo a pambali panga n'kukhala opanda munthu ngakhale ena atakhala mothithikana. Abambo amene dzulo lake anandiuza za m'mtima mwawo ankandidutsa pakhomo la tchalitchi ngati chitsa. Sindinkawada, koma zinkandiwawa. Kuti ndiimbire amayi ndinkakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pomwe netiweki inkagwira, ndipo ndinkawauza kuti ndili bwino kwambiri. Zoona zake ndinasungulumwa mpaka ndinayamba kucheza ndi nkhuku za eni nyumba. Chimene chinkandilasa kwambiri chinali kutseka chitseko kumbuyo kwa munthu wamkulu. Ndinakula ndikudziwa kuti mlendo umamutulutsa mpaka kumsewu, koma apa ndinkangoti pitani bwino, chitseko gwa, ngati ndamupirikitsa.

A Mbewe anali m'gulu la anthu amene anasiya kusuta. Anali bambo wamtali wa imvi, mkulu wa mpingo, ndipo ankakhala okha chimwalirireni akazi awo. Anasuta mobisa kuyambira unyamata mpaka pamene chifuwa chachikulu chinawagwetsa. Anachira, koma kuchipatala anawauza mosapita m'mbali kuti mapapo awo awonongeka, ndipo akayambiranso fodya ndiye kuti akudzikumbira manda. Tsiku loyamba anandifunsa mfunda wanga, ndipo kuyambira pamenepo ankanditchula kuti Nabanda. Zithunzi zinkawaseketsa. Ankaika timiyala tiwiri, tikachuluka titatu, n'kumati, "Nabanda, fodya wa pa galasiyu sanunkha."

Tinkasintha zithunzi ulendo uliwonse kuti maso asazolowere. Zonse anajambula ndi munthu wa ku tauni ine ndisanayambe ntchito. Anajambula anthu a m'dera lomwelo atawapempha, ndipo sanaonetse nkhope ya aliyense kuti asadziwike.

Tsiku lovutalo linali la msika, nyengo yozizira, fodya atagulitsa kale. A Mbewe analowera kumunda monga mwa nthawi zonse. Mpweya wawo unaonetsa kuti sanasute. Ndowa ndi tsache zinadutsa, timiyala palibe. Machesi anadutsa, khala la moto linadutsa. Kenako panabwera manja akukulunga chingambwe, ndipo ndinaona nambala ya kachida ka pachala ikukwera ngati munthu akuthamanga.

"Imitsani," anatero.

Munthu akapempha timaimitsa, ndiye ndinaimitsa chithunzicho chili pomwepo.

"Manja awa ndi a alamu anga, a Yotamu."

Ndinati mwina angofanana, popeza nkhope sikuoneka. Analoza chala cha mkombaphala cha pachithunzipo. Chinali chachifupi, chopanda chikhadabo.

"Chala ichi chinadulidwa ndi jeke tikudinda belo la fodya, ine ndilipo. Nsalu yomangira ndinang'amba ndine."

Ndinawakankhira mbale ija, chifukwa ndondomeko imatero. Anatola timiyala tonse n'kuika patebulo. Kenako anasuzumira m'mbale yopanda kanthu n'kufunsa, "Tilipo tina?"

Anafotokoza maso ali patebulo. A Yotamu anali mlongo wa malemu akazi awo. Abambo awiriwa anasutira limodzi kuseri kwa chigafa zaka zambirimbiri, ndipo wokulunga anali a Yotamu nthawi zonse, popeza ndi chala chachifupi chomwecho ankakulunga bwino kuposa aliyense. Ankakulunga m'modzi n'kumapatsirana. Mayi aja atamwalira, kuseri kwa chigafa ndi kokhako kumene a Mbewe ankatha kutchula dzina lawo. Atauzidwa za mapapo anasiya kupitako. Sanakangane, komanso sanafotokoze chifukwa chake. Ankangoonana pamaliro, moni n'kusiyana.

Ndinachita zonse zimene ndinaphunzitsidwa. Ndinawapatsa madzi, ndinawauza kuti apume pang'onopang'ono, ndinabwezeretsa ndowa ndi tsache. Anabwezera kamwala kamodzi m'mbale, ndipo ndikukhulupirira kuti anangondichitira ulemu. Tinadikira, tinabwereza, osasintha. Ndinawauza kuti chibaba chimakwera kenako chimatsika chokha. Anati akudziwa. Kenako anavula kachida ka pachala, anakaika patebulo mosamala, n'kuimirira.

"Ndikupita kwa alamu."

Mantha anandigwira, chifukwa ndinadziwa chimene chikawadikire kumeneko. Munthu wa mu kafukufuku ali ndi ufulu wochoka nthawi ina iliyonse, ndipo ine ndinalibe mphamvu yowaletsa. Munthu amene anapirira miyezi yonseyi ndinali nditamudzutsira chibaba ndi chala changa chomwe, tsopano ndimutsekere chitseko kumbuyo. Anafika pachitseko cha kumunda, anaima, n'kutembenuka.

"Nabanda, ndiperekezeni."

"Abambo, lero ndi tsiku la msika. Njira ya kwa alamu anu imadutsa pakati pa anthu. Akationa limodzi adziwa."

"Ndikudziwa. Koma ndikapita ndekha ndikasuta. Ndikabwerera kunyumba, nakonso ndikasuta. Inu mukakhalapo ndikachita manyazi."

Ndinathamangira pachulu kukaimbira a Chirwa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Lamulo lija ndi loteteza iwowo. Ngati alichotsa okha, aperekezeni. Zida zonse musiye."

Nditabwerera ndinapeza a Mbewe atatsegula chitseko cha kumsewu, chimene palibe wa mu kafukufuku anali atatulukirapo. Tinayenda limodzi kulowa mumsika. Munthu wodziwika ngati iwo sayenda mapazi angapo osapatsidwa moni, ndipo aliyense wowapatsa moni ankayenera kundipatsa inenso. Mawu akuti ndili bwino kaya inu ananditulukira pakamwa ngati achilendo. Mayi wina wogulitsa tomato, wa mpingo wawo, sanathe kupirira.

"Kodi abambo, mayi wa fodyayu mumadziwana naye eti?"

"Kwambiri. Ndimapita kwa iyeyu. Ndinkasuta ine, mayi, zaka zonse zija. Ndinasiya, ndipo lero zandivuta."

Mayi uja anangoti kukamwa yasa, tomato ali m'manja. Anthu a pafupi anamva, ndipo a Mbewe anadziwa kuti dzuwa lisanalowe nkhaniyo ikhala itafika kwa akuluakulu anzawo. Sanacheuke. Tinadutsa pa benchi ya ogulitsa ndudu imodziimodzi ndi timitolo ta chingambwe. Pamenepo anafulumiza mwendo mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo tinaima kaye pamthunzi kuti apeze mpweya.

Kwa a Yotamu kunali kutsidya kwa dambo. Tinawapeza atakhala pachitsa pafupi ndi chigafa chopanda fodya, utsi ukufuka. Manja aja ndinawazindikira ndisanaone nkhope. Ataona kuti pali mlendo wamkazi anafinya moto ndi zala n'kubisa chotsalacho m'thumba la jekete, monga amachitira abambo aulemu. Akazi awo anatulutsa mpando ndi mphasa. Moni unayenda mwa dongosolo lake, kenako a Yotamu anayang'ana mlamu wawo kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, njira mwaikumbuka bwanji? Ine ndimayesa munapita ku Joni osatsanzika."

"Ndaona manja anu pa kanema. Mwatchuka, alamu."

A Yotamu anaseka atakumbukira munthu wa kamera uja. A Mbewe sanaseke. Anafotokoza za mapapo, zimene anauzidwa kuchipatala, ndi chifukwa chimene anasiyira kubwera. A Yotamu anagwira thumba la jekete.

"Ndiye mumandithawa chifukwa cha ichi?"

"Eya."

"Osanena bwanji? Ine ndimati poti mlongo wanga anapita, chibale chatha."

Kenako a Yotamu anadzuka n'kukatenga bawo.

Ine ndinakhala pamphasa ndi akazi a a Yotamu tikusenda mtedza, koma diso linali kwa abambo aja. Maso a a Mbewe ankangochoka pa bawo n'kupita pathumba la jekete lija. Dzanja la a Yotamu linkapita lokha kuthumba, n'kubwerera lopanda kanthu. Mayi aja anaona zimene ndinkaona, ndipo anatapa mtedza m'lichero n'kukaika pambali pa a Mbewe. Patapita nthawi a Yotamu anati akukaona mbuzi. Anazimirira kuseri kwa khola, kutali ndithu, ndipo pobwera anayamba atsuka m'kamwa ndi m'manja asanakhale pansi.

"Mbuzi zili bwanji?" anafunsa a Mbewe.

"Zikupereka moni."

Apo m'pamene a Mbewe anaseka koyamba tsiku limenelo. Inenso pakamwa panga panamasuka. Ndinawauza mayi aja za ku Kawale, za amayi anga, za nkhuku zimene ndinkacheza nazo, mpaka anandifunsa ngati ndine yemwe uja amati ndi wonyada. Tinachoka dzuwa litapendeka, banja lonse likutiperekeza mpaka padambo. A Mbewe anali asanasute.

Sabata yotsatira analowera chitseko cha kumsewu. Anauzira mpweya, ndipo kachida kanaonetsa kuti sanasutebe. Ndinasangalala mpaka ndinaiwala za nkhope yosaonetsa kanthu ija. Kumpingo anakadzinenera okha, ndipo kwa nthawi ndithu sanakhale pa benchi ya akuluakulu. Ndinawapepesa. Anati benchi ya kumbuyo ndi yabwino, munthu amatha kutsokomola momasuka.

Zithunzi zonse za manja tinazichotsa. A Chirwa anati, "Tinabisa nkhope, koma anthu olima limodzi amadziwana ndi manja." Tinawonjezeranso funso limodzi kumapeto kwa ndondomeko, loti munthu asatuluke tisanamufunse kumene akupita ndi amene akamupeze kumeneko. Timiyala timakuuza kukula kwa chibaba, koma sitikuuza chimene munthuyo akulakalaka. A Mbewe tsiku lija ankafuna fodya, n'zoona, koma ankafunanso mlamu wawo, ndipo ziwirizo zinali zitakulungidwa m'khoko limodzi kwa zaka zambiri.

Ndisanamize, kusungulumwa sikunathe. Lamulo linakhalabe kwa ena onse, ndipo ndinapitiriza kuyenda maso ali pansi. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano panali munthu m'modzi amene ankandiona ali tsidya la msewu n'kukuwa kuti, "Nabanda, mwadzuka bwanji?" msika wonse ukumva.

Ntchito itatha ndinanyamuka m'mawa. Zida zinali zitatengedwa kale ndi galimoto ya ku ofesi, ine n'kutsala ndi chikwama changa. Pamsewu ndinadutsa abambo angapo amene ndinkadziwa chifuwa chawo, mantha awo ndi mayina a ana awo. Onse anapeza choyang'ana kwina. A Mbewe okha ndi amene anabwera. Analanda chikwama n'kuchimanga pa njinga yawo, ndipo tinayenda wapansi akuikankha, tikuima pafupipafupi kuti apume. Titafika pa siteji anamasula chikwama n'kundipatsa.

"Lero simundifunsa funso lanu lija?"

"Mukachoka pano mukupita kuti, abambo?"

"Kwa alamu. Dzulo anandidya pa bawo, lero akalira."

"Nanga timiyala?"

"Tinayi. Sititha, Nabanda. Koma mbuzi akumakaonera kutali."

Anapisa m'thumba n'kutulutsa mtedza, n'kundigawira. Kenako anandiyang'ana mmene ine ndinkawayang'anira anthu m'chipinda chija.

"Nanga inu, mukachoka pano mukupita kuti? Mukapeza ndani?"

Funsolo ndinali nditafunsa anthu ambirimbiri, koma panalibe amene anandibwezerapo. Ndinafuna kunena kuti kwa amayi, koma m'malo mwake ndinalira pa siteji anthu akuona. A Mbewe sananditonthoze. Anangoima pambali panga atagwira njinga mpaka galimoto inadzaza.

Ndikugwirabe ntchito za kafukufuku, ndipo matabuleti asintha kangapo. Koma aliyense wokhala pampando wa patsogolo panga, ndisanamutsegulire chitseko ndimamufunsa kumene akupita ndi amene akamupeze. Akayankha kuti palibe, chitsekocho sinditsegula msanga.